Malume Wake wa Kampani Ndani?

Domasi, 9 Malichi 2024

Achemwali anga a Iness,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi. Ndikhulupirira muli bwino, ndipo chisanu cha ku Poland sichinakuthotholeni makutu. Ife tilipo, kungoti nyumba yatikulira chiikireni maliro a amayi mu Januwale muja.

Musadabwe kuti Mervis wayamba kulemba makalata ngati munthu wa m'nthawi ya atsamunda. Ndi lamulo la ababa. Akuti nkhani ya pamtundu siyenda pa timauthenga tomwe munthu amalemba ndi chala chimodzi uku akukukuta chimanga. Ndiye tizilemba papepala, ine n'kumajambula ndi foni n'kukutumizirani.

Nkhani yake ndi iyi. Lamulungu lapitali amalume a Stewart anaitanitsa ankhoswe. Monga mwini mbumba, anena kuti tikakolola mpunga n'kumanga chiliza cha amayi, ababa asudzulidwa. Mwambo wake mukuudziwa: mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa kuti abwerere kwawo, pokhapokha ngati pali ana aang'ono oti awalere. Nanga ana aang'onowo ali kuti? Inu muli kutsidya kwa nyanja, ine ndili ndi wangawanga kumsana.

Ndiye ababa abwerere kuti? Ku Phalombe anachokako akadali mnyamata. Makolo awo anatha, minda inagawidwa kwa ana a alongo awo, ndipo oti angawazindikire pamsewu sakwana dzanja limodzi.

Za chigayo cha mpunga, amalume akuti makina ndi a ababa, anyamule, koma malo omwe chaimapo ndi a mbumba. Tandiuzeni achemwali, chigayo chimanyamulidwa ngati wailesi? Nyumba yake ndi yanjerwa zootcha, magetsi anavutikira zaka kuti awakokere, ndipo odzagayitsa ndi alimi a kuno kusikimu ya mpunga, osati a ku Phalombe. Kuwauza kuti anyamule makina n'chimodzimodzi kuwauza kuti akagulitse kwa ogula zitsulo.

Ababa sanatsutse. Anangoti mwambo ndi mwambo, n'kuthokoza ankhoswe chifukwa chobwera. Ine ndinapsa mtima mpaka ndinakalirira kuseri kwa bafa. Tsopano ayamba kugawa zinthu zawo pang'onopang'ono. Njinga yakale ija apatsa mlonda wa kutchalitchi, ndipo nkhuku akuziyang'ana ngati akuwerenga kuti iti ipita kwa yani.

Ngati muli ndi kangachepe tithandizeni pa simenti ya chiliza. Koma chachikulu, tiuzeni chochita. Inu ndi amene munapita kusukulu, ine ndinangodutsa pawindo.

Ndine mng'ono wanu,
Mervis


Poznan, 17 Malichi 2024

Ababa okondedwa,

Ndikupereka moni kwa inu ndi onse pakhomopo. Muli bwanji? Mwendo uja ukuvutabe? Ine ndili bwino, dzuwa layamba kusuzumira kuno ngakhale silitentha.

Kalata ya Mervis ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinali chiimire. Ababa, simukupita kulikonse. Theka la ana a pamudzipo anaphunzira ndi fizi yochokera m'chigayo chimenecho. Amalume akufuna chigayo basi, zamwambozo angofunda ngati bulangete.

Ndili ndi nzeru, ndipo yachokera kuntchito kwanga. Paja mumandifunsa kuti kodi mwana wa ku Domasi angawaphunzitse chiyani azungu. Ndimaphunzitsa Chingerezi maloya a kuno. Malamulo amawadziwa kuposa ine, koma m'chinenero chawo. Kukabwera wamalonda wochokera kunja wofuna kutsegula kampani, lilime limawalemera. Ndiye m'kalasi ine ndimasanduka mlendoyo. Lero ndine wogula matabwa wa ku Norway, mawa ndine mwini malole wa ku Turkey, ndipo iwo amandifotokozera za kampani ya limitedi mpaka nditamva. Ndikapanda kumva ndimawabweza kuti ayambirenso. Nkhani imeneyi ndaimvetsera kambirimbiri moti ndikhoza kuilalikira paguwa.

Tichite chomwecho ndi chigayo. Tichilembetse kuboma kuti chikhale kampani. Chikatero sichikhalanso chanu inu ngati munthu, mkamwini woti akhoza kuuzidwa kuti anyamuke. Chikhala cha kampaniyo, ndipo eni kampani amangokhala ndi magawo, omwe ena amati masheya. Kuno alendo ochokera kunja amagula magawo otere tsiku ndi tsiku, popanda wowafunsa kuti kwanu n'kuti kapena unakwatira kwa yani. Maloya anga alonjeza kuti andithandiza kuyala bwino maganizowa.

Chinthu chimodzi chokha: amalume musawauze kaye. Adzaone zitatha.

Ya simenti ndatumiza kwa Mervis. Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu,
Iness


Domasi, 6 Epulo 2024

Mwana wanga Iness,

Chisomo cha Ambuye chikhale nawe. Ine ndili bwino, mwendo ukuyesako. Mpunga wayamba kucha ndipo mbalame zatichulukira. Zikomo chifukwa cha simenti.

Kalata yako yandimvetsa chisoni pa zinthu ziwiri. Choyamba, ukuti chigayo chisakhalenso changa, ndipo ukutchula za alendo ogula magawo. Ine ndi amayi ako tinayamba ndi kugulitsa mpunga wa pambale pa Songani. Iwo ndi amene ankaponda dothi la njerwa za chigayocho iwe uli kumsana. Ndiye lero ndichipereke kwa azungu oti sadziwa n'kusiyanitsa komwe mpunga wa faya ndi wa kilombero? Bola ndichisiye chichite dzimbiri.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Ukuti ndiwabisire alamu anga. Ndakhala pamudzi pano zaka zoposa makumi atatu ndipo sindinachitepo kanthu mseri. Pamene ndinkadwala chifuwa chachikulu, iwe uli wamng'ono, a Stewart ndi amene ankandikweza panjinga kupita nane kuchipatala. Sindingayambe ukathyali nditamera imvi. Choncho kalata yako ndawapatsa kuti awerenge okha.

Anaiwerenga yonse, ndi paja pomwe unanena za bulangete. Anaipinda bwinobwino n'kundibwezera.

Usadandaule za ine. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndinabwera ndi kachikwama kamodzi ndipo njira ndikuikumbukira. Ungondipempherera kuti ndichoke mwamtendere, anthu asadzanene kuti Makaiko anachoka akukokedwa.

Bambo wako,
Hopeson Makaiko


Poznan, 2 Juni 2024

Mervis,

Moni mng'ono wanga. Uli moyo kodi? Ndalemba kawiri osayankhidwa. Ndikaimba, foni yako ikungoti siikupezeka. Kodi nawenso wandinyanyala?

Uwauze ababa kuti palibe mzungu amene akugula chigayo. Ndinangopereka chitsanzo. Zikundipweteka kuti ndimadya ndalama za anthu powaphunzitsa kufotokoza zinthu momveka, koma bambo anga omwe ndalephera kuwafotokozera. Sabata yatha loya wina anandifotokozera za magawo mwachisawawa, ndipo m'malo momubweza ndinangomuyang'ana, chifukwa ndinadziona ndekha.

Ndikudziwa kuti mwakolola tsopano. Ngati mwambo wachitika kale ndipo ababa anapita, undiuze iweyo, ndisamvere kwa anthu ena. Mtima wanga suli m'malo.

Mkulu wako,
Iness


Domasi, 20 Julayi 2024

Achemwali,

Moni, ndipo pepani. Palibe wakunyanyalani. Foni inagwera m'ngalande ya kusikimu ndikuthamangitsa mbalame, ndipo wokonza mafoni pa Songani anangoiyang'ana n'kundipepesa ngati ndaferedwa. Iyi ndagula nditagulitsa mpunga. Ngati chikumbumtima chikukuvutani, nambala ndi yomweija.

Ababa akadali pano. Mwambo wasunthidwa mpaka Novembala chifukwa womanga chiliza anathawira ku ganyu ina ku Liwonde. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzathokoza Mulungu chifukwa cha mmisiri wabodza.

Koma kalata yanu ija inayatsa moto. Kaya inatuluka bwanji, pa Songani ponse pamveka zoti azungu a ku Poland agula chigayo cha a Makaiko ndipo akubwera pa ndege. Amayi ena asiya kudzagayitsa, ati iwo Chingerezi sachidziwa.

Tsopano tcherani khutu. Amalume tinawaweruza molakwa, ine ndi inu tonse. Ndinapita kukawathandiza kupuntha mpunga, ndipo pondiperekeza anaima pa malo aja pafupi ndi mlatho, pomwe kale panali golosale ya a Sefu. Anandikumbutsa kuti a Sefu analinso mkamwini, ndipo golosaleyo anaimanga pa malo a akazi awo. A Sefu atamwalira, abale awo anabwera ndi lole. Kumbuyo kwa loleyo kunabwera omwe ankawapatsa katundu pangongole, atanyamula mapepala a kukhoti. Pomaliza mbumba ya mayi uja inataya malo onsewo ndi dimba lomwe, ndipo lero pakhala munthu wa ku Lilongwe.

Amalume anati: “Ine ndi a Makaiko tilibe chifukwa. Inenso ndine mkamwini kwa eni ake, kuwawa kwake ndikukudziwa. Koma tonse takalamba. Akadzatseka maso ali pano, kudzabwera anthu omwe sindiwadziwa kudzaloza dothi la amayi anga. Dothi limenelo ndi lako iwe ndi mkulu wako. Ndidzakuuzani kuti chiyani?”

Chigayo sachifuna n'komwe, akuti phokoso lake limawapweteketsa mutu. Ndi mantha basi, ndipo akuopera ife tomwe takhala tikuwatukwana mumtima.

Za inu anangonena kuti mwana uja ali ndi malume, ndipo malumeyo amadziwa kuwerenga. Ndiye chochita mukuchidziwa: alembereni iwowo.

Mervis


Poznan, 28 Julayi 2024

Amalume,

Ndagwada pokupatsani moni. Muli bwanji pamodzi ndi onse kumeneko? Ine ndili bwino.

Ndinalankhula ngati mwana wosalangizidwa, ndipo ndinafuna kulowa m'nyumba mwanu osaodira. Ndikhululukireni. Palibe mzungu amene akugula chigayo, ndipo sadzakhalapo.

Ndiloleni ndifotokoze monga ndimawakakamizira ophunzira anga: mawu aafupi, chinthu chimodzi pa nthawi.

Kampani ya limitedi ikalembetsedwa kuboma, malamulo amaiona ngati munthu payekha. Imabadwa tsiku lolembetsalo. Imakhala ndi dzina lake, katundu wake ndi milandu yake. Makina a chigayo akhoza kukhala ake. Malo ayi. Malo akhalabe a mbumba, kampani izingopereka lendi monga amachitira aliyense wochita malonda pakhomo pa eni. Ikadzagwa m'mavuto, oidandaula adzagwira za kampaniyo basi. Sangalumphe mpanda n'kukagwira dimba la mbumba kapena mbuzi za Mervis, bola pasapezeke wina wosaina kuti akuikira kumbuyo ndi katundu wakewake. Limitedi ndi imeneyo, mlandu umakhala ndi malire.

Magawo tikhoza kugawana, ena a ababa, ena a mbumba. Ababa akadzatisiya, wolowa m'malo mwawo adzalandira magawo awowo, osati dothi. Tikhozanso kulemba kuti gawo lisagulitsidwe kwa munthu wakunja eni magawo enawo asanavomere. Zimene zinachitika pa mlatho paja sizingachitike motero.

Ngati pali pena posamveka, chonde mundifunse. Phula ndadya kale ine chifukwa chosafunsa.

Mphwanu,
Iness


Domasi, 18 Ogasiti 2024

Mphwanga Iness,

Moni. Tili bwino. Zopepesa zatha. Mwana akakuipitsira pamwendo sudula mwendowo.

Ndawerenga. Za malire ndazimva ndipo zandikomera. Koma wanena kuti kampaniyi ndi munthu ndipo imabadwa. Pamenepo ndiye pandiimitsa, chifukwa ine pamudzi pathu sindilandira munthu wosadziwika mtundu wake. Undiyankhe izi.

Munthu ameneyu ndi wa kuchikazi kapena wa kuchimuna? Malume wake ndani? Akalakwira anthu, amakakhala pabwalo ndani? Amakula n'kuyamba kudzisamala yekha liti? Akamwalira amaikidwa kuti, ndipo amasudzulidwa ndani?

Usandiyankhe za m'mutu mwako. Ukawafunse maloya akowo, poti akuti ndi ophunzira.

Mmisiri wa chiliza wabwerera. Mvula isanagwe ndikufuna nkhaniyi itatha, uku kapena uku.

Ndine malume wako,
Stewart Julius


Poznan, 8 Sepitembala 2024

Amalume,

Moni wanga ulandiridwe. Ndikhulupirira kutentha sikunakuvuteni kwambiri. Kuno masamba ayamba kufiira.

Ndachita monga munalamulira. Lachinayi ndinalowa m'kalasi n'kuwauza kuti lero wa ku Norway kulibe. Lero ndine mwini mbumba wochokera ku Domasi, ndili ndi dothi la amayi anga loti ndiliteteze, ndipo sindisaina kanthu mpaka nditamva. Ndinakhala pampando monga mumakhalira inu, manja pamawondo, nkhope osasekerera.

Woyamba anali loya wina wokonda mawu ataliatali. Nditamufunsa kuti malume wa kampani ndani, anayamba kulakatula ndime za malamulo ngati mwana wa Sande sukulu. Ndinamuuza kuti sindinamve, ayambirenso. Wachiwiri anati kampani ilibe achibale. Ndinamuyankha kuti ngati ilibe achibale, kwathu siingapatsidwe ngakhale mpando. Anaseka onse, koma thukuta linali litayamba.

Kumbuyo kwa kalasi kumakhala mayi wina wachikulire, Dorota, loya wamkulu kuposa onsewo, koma salankhulalankhula chifukwa amachita manyazi ndi Chingerezi chake. Iyeyo anavula magalasi n'kundifunsa kuti kodi malume kwanuko ntchito yake n'chiyani. Ndinafotokoza kuti salera mwana tsiku ndi tsiku, koma palibe chachikulu chimene chingachitike pa mwanayo iye asanavomere. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ameneyo akumudziwa. Kenako anayankha mafunso anu onse m'Chingerezi chosavuta, osakodwa paliponse. Anzake anaomba m'manja. Ine ndinanyadira kwambiri, chifukwa ndakhala naye chaka chathunthu ndipo sindinamumvepo akulankhula motalika chotero.

Mayankho ake ndi awa. Kampani ndi ya omwe aibereka, ndiwo eni magawo. Iwo ndi amene ali ngati malume, chifukwa zazikulu zonse zimadikira mawu awo. Ngati mbumba ili ndi magawo ndipo inu mukuiimira, malumeyo ndinu. Koma kampani payokha ilibe manja kapena pakamwa. Imafuna munthu woiyendetsa tsiku ndi tsiku, woisamala ndi kuilankhulira, amene amamutcha dairekitala, ndipo ikaitanidwa pabwalo amakaiimira ndi iyeyo. Siikula n'kufika posafuna woisamala, ngakhale itakhala zaka zana. Ikatha, eni ake amaitseka mwalamulo, ndipo sipakhala manda kapena wosudzulidwa.

Mayi Dorota wandichenjeza kuti malamulo a kuno si a ku Malawi, ngakhale mafupa ake ndi ofanana. Mupite kwa loya ku Zomba akakuuzeni za kwathu, ndipo mukamufunse mafunso omwewa. Akayamba mawu ataliatali mumubweze.

Apemphanso kuti mafunso anu tiziyesera nawo ophunzira atsopano. Ndawauza kuti ndiyambe ndapempha eni ake.

Mphwanu,
Iness


Domasi, 24 Novembala 2024

Achemwali,

Moni. Ngati mukuwerenga muli chiimire, pezani pokhala kaye.

Ndiyambire kumbuyo. Mwezi watha amalume anatulukira m'mawa atavala jekete n'kuwauza ababa kuti tiyeni ku Zomba. Ine ndinadziitana ndekha. Tinakalowa kwa loya, mayi wina wa magalasi aakulu, ndipo amalume anamubweza kawiri monga munawalangizira. Kachitatu analankhula Chichewa cha kumudzi ndithu. Ababa atamva kuti mzungu palibe, ndiponso kuti magawo ndi a iwo, a mbumba ndi a ife ana awiri, anavomera kusaina.

Koma musaganize kuti zinathera pomwepo. M'minibasi pobwerera ababa anandinong'oneza kuti pepala ndi pepala, mwambo ndi mwambo. Chigayo chapulumuka, dothi lapulumuka, koma iwo adzanyamukabe, n'kumabwera kamodzikamodzi kudzaona mmene zikuyendera. Katundu anamanga ndithu.

Dzulo ndiye linali tsiku lake. Titachoka kumanda koona chiliza, anthu anakhala pabwalo la nyumba: ankhoswe a mbali zonse, abale awiri ochokera ku Phalombe, akulu a mpingo, ndi ena ongofuna kudzaona mkamwini akunyamuka. Ankhoswe anathokoza ababa posamala mkazi wawo mpaka tsiku lomaliza, n'kunena kuti kuyambira lero ndi womasuka. Ababa anawerama n'kuomba m'manja. Chikwama chinali kale pakhonde.

Apo ndi pamene amalume anaimirira n'kutulutsa m'jekete chikalata cha kampani, chomwe chinafika sabata yatha koma sanauze aliyense. Anachikweza m'mwamba n'kunena mosafulumira:

“Alamu, mwamasulidwa, palibe akukugwirani. Koma ine ndili ndi vuto. Pamudzi pano pabadwa mwana. Tamupatsa dzina la malemu mlongo wanga, ndi Christobel Limitedi. Wabadwira pa dothi lathu, choncho ndi wathu, ndipo malume wake ndine. Koma apa boma lalemba kuti womulera ndi Hopeson Makaiko. Ndafunsa maloya a mayiko awiri, ndipo onse akuti mwana ameneyu sadzayamba kudya yekha. Ankhoswe, tandithandizeni. Mwambo umati chiyani za bambo amene ali ndi khanda pamudzi?”

Ena ankayang'ana m'mimba mwa atsikana kufuna kuona kuti wabereka ndani. Kenako nkhoswe ya kwathu, a Lyness, anakonza mpango wawo n'kuyankha kuti mwambo umati bamboyo akhale, alere mwana. Nkhoswe ya ku Phalombe inakanda m'mutu kanthawi, n'kuvomera kuti kwawonso ndi chimodzimodzi, ndipo iwo sangatenge munthu n'kusiya khanda likulira.

Nthungululu zimene zinaphulika pamenepo, ndikhulupirira zinamveka mpaka ku Mishoni. Amayi a mvano anayambitsa nyimbo osadikira abusa. Aja anabwera kudzaona mkamwini akunyamuka anaona ine ndikulowetsa chikwama m'nyumba, ndipo ndinayenda pang'onopang'ono dala kuti aonetsetse.

Ababa sanaimirire. Anangokhala pampando paja, chipewa ataphimba nacho kumaso, mapewa akugwedezeka. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a amayi. Amalume anakakhala pambali pawo n'kumayang'ana kuphiri ngati sakuona kanthu. Achemwali, ndinasangalala kwambiri, ndipo ndinalakalaka mukanakhalapo.

Amalume akuti mafunso awo muziwagwiritsa ntchito, koma azunguwo adziwe kuti eni ake ali ku Domasi.

Mng'ono wanu, mwini magawo,
Mervis


Domasi, 15 Disembala 2024

Mwana wanga Iness,

Chisomo cha Ambuye chikhale nawe. Ine ndili bwino. Mvula yagwa yabwino ndipo anthu ali kalikiliki m'minda. Chigayo chikuyenda, amayi aja ankaopa Chingerezi abwerera onse. Pakhoma talembapo dzina la amayi ako ndi penti yobiriwira.

Ndinkayesa ukufuna kundigulitsa, pamene iwe unkandifunira pokhala. Zikomo mwana wanga. Ukawathokozenso mayi Dorota. Kukanakhala kufupi ndikanawatumizira thumba la kilombero.

Sindinamvetsebe zonse. Akuti ndiyenera kuitanitsa msonkhano wa eni magawo kamodzi pachaka. Eni magawowo ndi alamu, Mervis, iwe ndi ine, anthu oti kupatula iwe timaonana tsiku lililonse. Koma ndidzauitanitsa, ndipo ndidzavala tayi. Iwe udzalankhulira pafoni.

Pali chinthu china chimene ndikufuna uchimve kwa ine. Lachiwiri m'mawa alamu anabwera ndi kamtengo ka mapeyala m'chubu, n'kukaika pakhonde. Mwina iwe sunaonepo, koma zaka zonsezi sindinabzalepo mtengo pamudzi pano. Chimanga, mpunga, nandolo, zomwe munthu amakolola chaka chomwecho, ndabzala. Mtengo ayi. Mkamwini sabzala chinthu choti sakudziwa ngati adzakhalapo pomwe chizidzabereka, ndipo eni mudzi akamuona akukumba dzenje la mtengo amayamba kufunsana kuti munthuyu akuganiza chiyani.

Ndinawafunsa kuti ndibzale pati. Anati ndisankhe ndekha.

Ndabzala kuseri kwa chigayo, pomwe madzi a padenga amagwera, ndipo ndatchingira ndi minga chifukwa cha mbuzi. Alamu akuti mtundu umenewu umachedwa, umatha zaka zingapo usanabereke. Palibe kanthu, ndidikira.

Bambo wako,
Hopeson Makaiko